Batani losintha mtundu pa PDF siligwira ntchito pa foni

Ndatopa kumva dandaulo lakuti chikalata cha PDF chawonongeka pochitumiza, pamene vuto lili m'kapangidwe kake. Mu Adobe InDesign, pulogalamu yokonzera zikalata zotere, batani limakhala ndi maonekedwe atatu, omwe ndi Normal, Rollover ndi Click, ndipo a Rollover amaoneka pokhapokha kamuvi ka mawusi kakaima pamwamba pa batanilo musanadine. Tsono foni ilibe mawusi. Chala chimakhudza sikirini kapena sichikhudza, palibe zoyandama pamwamba, choncho chilichonse chimene munabisa kuti chitulukire kamuvi kakafika sichidzaoneka kwa munthu amene watsegula chikalatacho pa WhatsApp, ndipo kuno kwathu ambiri amawerengera pamenepo.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya bungwe lina lomwe linalengeza mwayi wa maphunziro. Wokonza chikalata anaika tsiku lotsekera kulandira makalata m'kabokosi kobisika, kotuluka kamuvi kakafika pa chithunzi cha kalendala. Pa laputopu yake, mu Acrobat, pulogalamu ya Adobe yotsegulira PDF, zinkaoneka zokongola ndipo mabwana anaombera m'manja. Ana asukulu kumudzi anaona kalendala yopanda mawu, ena anaidina mpaka kutopa, ndipo pamene anandibweretsera fayiloyo kuti ndiione tsikulo linali litadutsa. Palibe amene anaganiza zoitsegula pa foni ngakhale kamodzi asanaitumize.

Ngakhale pa kompyuta pomwe, si pulogalamu iliyonse imene imamvera mabatani otere. Msakatuli monga Chrome ndiponso Preview ya Apple zimasonyeza malinki bwinobwino, koma zobisa ndi kuonetsa zinthu nthawi zambiri zimalephereka. Mukasankhanso Adobe PDF (Print) m'malo mwa Adobe PDF (Interactive) potulutsa fayilo mu InDesign, mabataniwo amasanduka zithunzi chabe kapena saoneka n'komwe.

Chenjerani ndi akatswiri a m'makona amene amakulipiritsani ndalama zambiri chifukwa cha mabatani othwanima, nakuonetsani ntchitoyo pa makina awo okha. Ena akulonjezabe zithunzi zoyenda zodalira pulogalamu yakale ya Flash, chikhalirecho Adobe inasiya kuisamalira pa 31 Disembala 2020. Musanalipire, uzani wokonzayo akutumizireni fayiloyo pa foni yanu, muitsegule iye ali pomwepo, ndipo mufufuze ngati tsiku, mtengo ndi nambala ya foni zikuoneka popanda kukhudza kanthu. Zikapanda kuoneka, abweze mawuwo patsamba penipeni musanasindikize kapena kutumiza kwa anthu.