Si Zoona Kuti Nyuzipepala Zinkangomuyamikira Martin Luther King Jr.

Anthu ambiri amaganiza kuti nyuzipepala zikuluzikulu za ku America zinali kumbali ya Martin Luther King Jr. nthawi yonse imene ankamenyera ufulu wa anthu akuda, koma mbiri ikusonyeza zosiyana. Atadzudzula nkhondo ya ku Vietnam m'tchalitchi cha Riverside ku New York pa 4 Epulo 1967, nyuzipepala ya New York Times inalemba ndemanga yonena kuti walakwitsa, ndipo ya Washington Post inati wadzichepetsera yekha mphamvu zothandizira anthu ake ndi dziko lake. Ngakhale izi zisanachitike, kafukufuku wa 1966 wa bungwe lofufuza maganizo a anthu la Gallup anapeza kuti anthu 63 mwa 100 aliwonse sankamuona bwino. Matamando ochuluka amene timawawerenga lerowa anadzakula ataphedwa kale mu 1968, ndipo lamulo lokhazikitsa tsiku lomukumbukira linasainidwa mu 1983.