Zaka za Katalin Karikó zimene anthu saziwerengera

Ndatopa kumva anthu, ena mwa iwo ophunzira bwino ndithu, akunena kuti katemera wa mRNA woteteza ku COVID-19 anapangidwa mothamanga m'chaka cha 2020, choncho sangadaliridwe. Olankhula chonchi amawerenga miyezi yomalizira yokha, n'kusiya zaka zoposa 30 zimene Katalin Karikó, wasayansi wobadwira ku Hungary mu 1955, anatha akulimbana ndi chinthu chimene anzake ambiri ankati sichidzathandiza wodwala aliyense.

mRNA inadziwika mu 1961. Ili ngati kakalata kokopera lamulo limodzi kuchokera mu DNA, kamene kamatuluka m'phata la selo kupita kumene mapuloteni amapangidwa, ndipo kakangowerengedwa kamang'ambidwa. Mu 1990 ofufuza a ku Wisconsin anabaya mbewa ndi mRNA yopangidwa mu labotale, minofu ya mbewazo n'kupanga puloteni imene analamula. Komabe panali zopinga ziwiri: mRNA inkawonongeka msanga, ndiponso chitetezo cha m'thupi chinkaiona ngati kachilombo, n'kuyambitsa kutupa.

Karikó anasamukira ku Philadelphia mu 1985, ndipo mu 1989 anayamba ntchito pa yunivesite ya Pennsylvania. Mapempho ake a ndalama zochitira kafukufuku ankakanidwa kawirikawiri, mpaka mu 1995 anatsitsidwa pa udindo. Patapita zaka zochepa anayamba kugwira ntchito ndi Drew Weissman, katswiri wa chitetezo cha m'thupi, ndipo apa ndi pamene ndimafuna ophunzira anga azitchera khutu. Poyesa mitundu yosiyanasiyana ya RNA pa maselo a chitetezo, awiriwa anaona kuti tRNA, mtundu wina wa RNA umene umathandiza selo popanga mapuloteni, imene anangoiika kuti ikhale yoyerekezera, sinkautsa maselowo ngati mmene inkachitira mRNA yopangidwa mu labotale. Wofufuza waphuma akanangodutsa. Iwo anafunsa chifukwa chake, n'kukumbukira kuti zilembo zambiri za tRNA zimakhala zosinthidwa pang'ono mwachibadwa. Atachotsa uridine, chimodzi mwa zilembo zimene zimapanga mRNA, mu mRNA yawo n'kuikapo pseudouridine, yemwe ndi uridine wosinthidwa pang'ono, kutupa kuja kunachepa kwambiri. Zotsatirazi zinatuluka m'magazini ya Immunity mu 2005, magazini ena otchuka atazikana, ndipo mu 2008 anasonyezanso kuti mRNA yosinthidwayo imapangitsa selo kutulutsa puloteni yochuluka.

Poyamba ndi ochepa amene analabadira. Mu 2010 Derrick Rossi wa ku Harvard anagwiritsa ntchito njirayi posintha maselo a munthu, ndipo anali mmodzi mwa oyambitsa kampani ya Moderna. Karikó analowa kampani ya BioNTech ya ku Germany mu 2013. Katemera wa makampani awiri onsewa ali ndi mtundu wina wa pseudouridine yomweyo, ndipo n'chifukwa chake Karikó ndi Weissman analandira mphoto ya Nobel mu 2023. Sindikunena kuti anachita zonse okha, pakuti timipira tamafuta tonyamula mRNA kulowa m'selo ndi ntchito ya ofufuza ena ya zaka zambirinso.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi anthu ogulitsa mankhwala amene amati "amatsuka katemera m'magazi". Kuwonongeka msanga kwa mRNA ndi vuto limene linasautsa ofufuza zaka zonsezi, ndiye munthu angamwe chiyani kuti achotse chinthu chimene thupi linaphwanya lokha kalekale? mRNA yochuluka ya mu katemera imatha m'masiku ochepa, ndipo totsalira timatha m'masabata angapo. Simalowa m'phata la selo mmene muli DNA, choncho zoti imasintha chibadwa cha munthu n'zabodza. Sindiiwala bambo wina wodwala matenda a shuga amene anauzidwa kuti kufooka kwake ndi ludzu losatha zinkachokera ku katemera amene anabayitsa chaka chapitacho. Anasiya mankhwala ake a shuga chifukwa wogulitsayo anati awiriwa sayenderana, n'kumamwa zam'botolo lopanda dzina. Anafika kuchipatala atakomoka, impso zitawonongeka, ndipo achibale ake mpaka lero amaloza chala katemera, osati botolo lija.

Zovuta zenizeni za katemerayu zilipo, ndipo madokotala sanazibise. Mwa apo ndi apo amatupitsa mnofu wa mtima, makamaka mwa anyamata ndi abambo achinyamata, kawirikawiri patangopita masiku ochepa atabayitsa kachiwiri. Ambiri amachira akathandizidwa msanga. Choncho amene akumva kupweteka pachifuwa, kubanika kapena mtima kugunda modabwitsa m'masiku amenewo apite kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire kuti aone ngati kucha bwino, ndipo akauze dokotala tsiku limene anabayitsa komanso chilichonse chimene wamwa, ngakhale chimene anagula kwa ogulitsa aja.