Mafunso ndi mayankho pa lamulo loti webusaiti ya yunivesite izitumikiranso anthu aulumali

Chiyambireni kubweza mafayilo omwe madipatimenti amatumiza kuti aikidwe pa webusaiti, ofesi yoyang'anira webusaitiyi yakhala ikulandira madandaulo ambiri, ena aukali ndithu. Nawa mafunso omwe akubwera mobwerezabwereza.

Kodi lamuloli likufuna chiyani kwenikweni?

Tsamba lililonse, fomu, kanema ndi fayilo yotsitsa zifike pa mlingo wa AA (wapakati pa milingo itatu) wa WCAG 2.2, malangizo opangira mawebusaiti oti aulumali azitha kuwagwiritsa ntchito, omwe W3C, bungwe loika miyezo ya mawebusaiti, linatulutsa mu 2023.

Mwabweza ndandanda yathu ya mayeso pomwe ikuwerengeka bwinobwino. Chalakwika n'chiyani?

Ikuwerengeka ndi maso okha. Kawirikawiri fayilo yotere imakhala pepala lomwe munasindikiza, n'kusainira, kenako n'kulisikana kuti likhale PDF. Kompyuta imaliona ngati chithunzi basi, mulibe chilembo ngakhale chimodzi. Wophunzira wosaona yemwe amamvera zolembedwa kudzera pa mapulogalamu owerenga mokweza monga NVDA, JAWS, VoiceOver kapena TalkBack sangamve kanthu. Yesani nokha: tsegulani fayiloyo, dinani Ctrl ndi F, mufufuze liwu lomwe mukuliona patsambalo. Likapanda kupezeka, ndiye kuti ndi chithunzi.

Titumizireni fayilo ya Word yomwe munalemba poyamba. Mitu yake ikhale yosankhidwa ndi Heading 1, Heading 2, osati kungokulitsa zilembo, chifukwa wosaona amadumpha kuchoka pamutu kupita pamutu wina pofufuza nkhani. Patebulo, mzere woyamba uikidwe ngati mutu, ndipo musaphatikize mabokosi. Mapulogalamu a OCR, omwe amasandutsa chithunzi cha zolembedwa kukhala zilembo zenizeni, amathandiza, koma amasokoneza 0 ndi O, 1 ndi l. Nambala ya chipinda cha mayeso ikalakwika, wolangika ndi wophunzira.

Dipatimenti yathu ilibe wophunzira wosaona. Ifenso likutikhudza?

Inde. Amene akufuna kudzafunsira malo simunamuone, ndipo ophunzira ena saulula ulumali wawo. Palinso osamva, oona movutikira, osasiyanitsa mitundu, ndi amene manja awo sangagwire mausi. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006 limatchula intaneti mwachindunji m'ndime 9, ndipo ndime 24 imakhudza maphunziro apamwamba.

Kodi wophunzira ayenera kubweretsa kalata ya dokotala kuti athandizidwe?

Apa tiyankhe mosamala, chifukwa pali zinthu ziwiri zomwe anthu akuzisakaniza. Ngati munthu wadandaula kuti tsamba, fomu kapena fayilo ya pa webusaiti sakutha kuigwiritsa ntchito, safunsidwa umboni uliwonse. Vuto lili patsambalo, ndipo likonzedwe kwa aliyense. Musamufunse matenda ake.

Koma pali thandizo lina lomwe limakonzedwera munthu mmodzi, monga kusindikiza buku m'zilembo za Braille, kupeza womasulira chinenero chamanja, kapena kuwonjezera nthawi ya mayeso olembera pa intaneti. Zimenezo sizili m'manja mwa ofesi yathu. Zimadutsa ku ofesi yothandiza ophunzira aulumali, ndipo kumeneko angathe kupempha chikalata malinga ndi malamulo awo. Sitingalonjeze kuti pempho lililonse livomerezedwa. Zomwe tikupempha aphunzitsi n'zoti asadikire chikalatacho kuti apereke zinthu zosavuta, monga notsi za mu Word, poti zimenezi sizifuna ndalama.

Nanga ndalama zokonzera zonsezi alipira ndani?

Wophunzira salipira kalikonse. Pamenepo palibe kukambirana.

Pakati pa madipatimenti ndi ofesi yathu ndi pomwe nkhani sinathe. Mmene zilili pano, maonekedwe a webusaiti, menyu ndi mafomu akuluakulu ndi udindo wathu, pomwe chilichonse chatsopano chomwe dipatimenti yalemba kapena kujambula ndi udindo wa dipatimentiyo. Tikudziwa kuti cholemetsa kwambiri ndi makanema. Kanema wojambulidwa kale ayenera kukhala ndi mawu olembedwa m'munsi, ndipo kulemba mawu a phunziro la ola limodzi kumadya maola angapo. Mawu omwe YouTube kapena mapulogalamu ena amalemba okha ndi poyambira chabe: amalakwitsa maina a anthu, mawu a sayansi ndi manambala, ndipo mphunzitsi akasakaniza zinenero amasokonekeratu. Munthu ayenera kuwakonza. Ngati pali zomwe zikungooneka popanda kutchulidwa, monga graph pabolodi, mlingo wa AA umafunanso kuzifotokoza ndi mawu. Njira yotchipa ndi yoti mphunzitsi azinena zomwe akuloza pamene akujambulidwa.

Za mafayilo akale, sitikunena kuti onse akonzedwe nthawi imodzi. Yambani ndi omwe akugwirabe ntchito: mafomu ofunsira malo, malamulo a mayeso, ndi notsi za maphunziro omwe akuphunzitsidwa pano. Otha ntchito achotsedwe. Otsalawo akonzedwa munthu akawapempha. Ngati padzakhale thumba lapadera lothandizira madipatimenti, akuluakulu ndi omwe adzalengeze, choncho musalembe ganyu munthu poganiza kuti mudzabwezeredwa.

WAVE yasonyeza kuti palibe cholakwika. Mwakaniranji?

WAVE, axe ndi Lighthouse, mapulogalamu oyesera masamba a webusaiti, amaona ngati chithunzi chili ndi alt text (mawu ofotokoza chithunzi omwe wosaona amawerengeredwa), koma sangadziwe ngati mawuwo ali ndi nzeru. Kulemba kuti "chithunzi" kapena dzina la fayilo sikuthandiza munthu. Nenani zomwe chithunzicho chikuphunzitsa. Ngati ndi chongokongoletsa, alt ikhale yopanda mawu kuti pulogalamu ichidumphe.

Kuyesa kwina n'kwa manja. Ikani mausi pambali, muyende patsambalo ndi Tab, Shift ndi Tab, komanso Enter. Muziona pomwe muli nthawi zonse, ndipo musatsekeredwe m'kabokosi kena. Kulitsani zilembo kufika 200% muone ngati mawu sakuphimbana. Malinki olembedwa kuti "dinani apa" asinthidwe kuti azitchula komwe akupita.

Kodi sizichititsa kuti webusaiti inyanse?

Ayi. Chofunika n'choti mtundu wa zilembo usiyane ndi wa kumbuyo pa mlingo wa 4.5:1, kapena 3:1 pa zilembo zazikulu. Chizindikiro cha yunivesite sichikhudzidwa. Musadalire mtundu wokha, mwachitsanzo kudetsa mofiira maina a olephera popanda kulembapo mawu. Ndipo pasakhale chinthu chothwanima koposa katatu pa sekondi, chifukwa chingagwetse wodwala khunyu.

Pali makampani ogulitsa kabatani komwe amati kamakonza zonse. Bwanji osangogula?

Kabatani koteroko sikangakonze PDF yosikana kapena kulemba bwino mawu a kanema, ndipo nthawi zina kamasokoneza pulogalamu yomwe wosaona anazolowera kale. Sitikugula.

Mukubweza mafayilo athu, koma tsamba lanu lolembetsera maphunziro nalonso lili ndi mavuto.

N'zoona. Mabokosi ena a pafomu alibe maina omwe pulogalamu yowerenga ingatchule, CAPTCHA yake (kafunso kotsimikiza kuti ndinu munthu osati makina) ndi ya zithunzi zokha, ndipo tsambalo limatseka munthu asanachenjezedwe, pomwe WCAG imafuna kuti apatsidwe mwayi wowonjezera nthawi. Pulogalamu ya tsambali inagulidwa kunja ndipo sitingaisinthe tokha. Tawalembera ogulitsawo, ndipo tapempha kuti kontrakiti yotsatira idzatchule mlingo wa AA. Pakadali pano, wophunzira amene walephera kulembetsa pa chifukwa chimenechi adziwitse ofesi yolembetsa ophunzira tsiku lotsekera lisanakwane, ndipo asunge uthenga womwe watumizawo ngati umboni.