Mankhwala a fuluwenza: musadikire masiku awiri adutse

Fuluwenza si chimfine chija chongotuluka mamina n'kutha chokha. Imagwira mwadzidzidzi. M'mawa munali bwinobwino, pofika madzulo thupi latentha, mutu ukuwawa, m'thupi monse mukuphwanya ndipo chifuwa chouma chakuvutani. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira ndi matenda a m'mapapo obwera ndi fuluwenza.

Choyambitsa chake ndi vairasi, choncho amoxicillin kapena Bactrim wogula pagolosale, amene ndi mankhwala opha mabakiteriya, sangaiphe. Mukumwa pachabe, ndiponso mukuzolowetsa mabakiteriya kupirira mankhwalawo.

Mankhwala olimbana ndi vairasi yeniyeniyo alipo. Odziwika kwambiri ndi oseltamivir, amene ambiri amawatcha Tamiflu. Anavomerezedwa mu 1999, ndipo amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 5. Ntchito yake ndi kutsekereza mavairasi atsopano kuti asachoke pa selo (kachigawo kakang'ono kwambiri ka thupi) limene aswanamo n'kukalowa m'maselo ena. Mu 2018 kunabwera baloxavir, opangidwa ndi kampani ya Shionogi ya ku Japan. Awa amamwedwa kamodzi basi, ndipo amagwira poyambirira penipeni: amalepheretsa vairasi kuchulukana m'kati mwa selo.

N'chifukwa chiyani akatswiri sakupuma kufunafuna ena? Vairasi imeneyi ndi bilimankhwe, imasinthasintha. Amantadine, amene kale ankathandiza, anasiyidwa pochiza fuluwenza chifukwa mitundu imene ikuzungulira masiku ano sikuwamvanso. Ngakhale oseltamivir analephera pa mtundu wina wa vairasi ya fuluwenza ya H1N1 umene unafala cha m'ma 2008. Mpini umodzi ukathyoka, pamafunika wina wokhala pambali.

Chofunika kudziwa n'chakuti mankhwala onsewa amathandiza kwambiri mukawayamba pasanathe maola 48 chiyambireni zizindikiro. Amayi oyembekezera, ana osakwana zaka 5, okalamba, anthu amene ali ndi HIV, mphumu, shuga kapena matenda a mtima apite kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba kaye kufunda bulangete kudikira kuti "chidzatha". Kutentha thupi kungakhalenso malungo, ndiye lolani akuyezeni magazi.

Mukaona munthu akubanika, akumva kuwawa pachifuwa, milomo yasintha mtundu, kapena mwana akukana kuyamwa ndipo akupuma mofulumira, thamangirani naye kuchipatala ngakhale usiku. Mwana kapena wachinyamata wodwala fuluwenza musamupatse aspirin. Panado ndiye woyenera kutsitsa kutentha kwa thupi.