Mafunso ndi mayankho: chifukwa chiyani laibulale yathu yasiya kubweza ImmutableList

Laibulale yathu ya Java, imene anzathu kuno ku Kasungu amalembera mapulogalamu a makalabu a alimi a fodya ndi soya, tsopano ikubweza List wamba, mndandanda wa mu Java momwe, m'malo mwa ImmutableList. Madandaulo achuluka pa gulu lathu la WhatsApp, ndiye tiyankhe amene akubwerabwera.

Kodi ImmutableList n'chiyani?

Ndi mndandanda wa mu Guava, laibulale ya Google. Ukangopangidwa, simungawonjezeremo kapena kuchotsamo kanthu.

Ndiye kuti mndandanda wa alimi tsopano aliyense angausinthe?

Ayi. Mkati tikugwiritsa ntchito List.copyOf, yomwe inabwera ndi Java 10 mu 2018. Woyesa kuwonjezera dzina adzakumana ndi UnsupportedOperationException, chenjezo lakuti zimenezo siziloledwa.

Eni ake a Guava amalangiza kubweza ImmutableList. Inu mukudziwa kuposa iwo?

Sitikunena kuti akulakwa. Munthu akaona ImmutableList amadziwiratu kuti asagwire, ndipo akalemba add amachenjezedwa asanayendetse pulogalamu. Ndi List wamba, vutolo limatulukira pulogalamu ikugwira ntchito, mwina mlembi wa kalabu ali ndi mzere wa alimi kutsogolo kwake. Izi zimatikhudza, ndipo sitikuzichepetsa.

Koma tikaika dzina la Guava poyera, ndiye kuti aliyense wotenga laibulale yathu tamusenzetsanso Guava, afune asafune. Mu Gradle, chida chomangira mapulogalamu, tiyenera kuilemba ngati api (yoonekera kwa otenga laibulale yathu), osati implementation (yobisika mkati). Ngati laibulale ina mu pulogalamu yanu ikufuna Guava ya chaka china, imasankhidwa imodzi yokha, ndipo nthawi zina zimathera pa NoSuchMethodError, vuto limene limabwera pulogalamu ikaitana chinthu chimene mulibe mu Guava yosankhidwayo. Kuibisa mkati posintha mayina a mapaketi sikungathekenso, chifukwa khodi yanu ikuitchula dzina. Tsiku limene tingafune kuisiya, tidzaphwanya mapulogalamu a anthu onse. Kwa kampani imene khodi yonse ili m'manja mwake, malangizo a Guava ndi abwino. Ife sitidziwa zimene zili m'mapulogalamu anu.

Bwanji osangoti Collections.unmodifiableList?

Imeneyo ili ngati zenera: mndandanda weniweni ukasintha kuseli, inunso muona zasintha. Imathandiza pokhapokha mutayamba mwakopera.

Nanga mafoni akale?

Apa pali vuto ndithu. Mafoni osafika pa Android 12 alibe List.copyOf. Ngati alembi anu ali ndi mafoni otere, tiuzeni musanasamuke, tione limodzi ngati desugaring, njira yochititsa kuti khodi ya Java yatsopano igwire ntchito pa mafoni akale, ikukwanira.

Khodi yanga yakana kukompaila. Nditani?

Pamene munalemba ImmutableList lembani List. Ngati mukuifunabe, itanani ImmutableList.copyOf kumbali yanu, ndipo Guava muilembe nokha mu Gradle.