Zilembo za pa dzina la galu wotola mbalame

Kwathu galu wa uzimba amatchuka ndi liwiro ndi mano. Akavumbulutsa kalulu amamulondola mpaka kumugwira, mwini wake ali pambuyo wefuwefu kuti afike galuyo asanayambe kudya. Ku Britain ndi ku America kuli gulu la agalu otchedwa retriever amene saphera mbuye wawo kanthu. Amakhala phee pambali pa mlenje, mfuti n'kulira, bakha n'kugwa, iwo osasuntha mpaka atatumidwa. Akakatola mbalameyo amadzaipereka m'manja yosabooka ndi dzino ngakhale limodzi. Pa ntchito yanga yaudokotala wa ziweto, ofuna kugula kagalu kotere amakonda kundifunsa kuti mtundu wabwino ndi uti. Ine ndimayamba ndawafunsa kaye kuti pa chikalata cha makolo a kagaluko alembapo zilembo zanji, chifukwa zilembozo zimanena zambiri kuposa dzina la mtundu.

Mitundu yake ilipo isanu ndi umodzi. Wodziwika kwambiri ndi Labrador, amene makolo ake anali agalu a asodzi pa chilumba cha Newfoundland, ndipo mabanja olemera a Malmesbury ndi Buccleuch ku Britain ndiwo anamuweta mpaka kukhala mmene alili lero. Bungwe la Kennel Club linamulemba m'kaundula mu 1903, la American Kennel Club mu 1917. Ndi galu wophunzira msanga, wosasunga chakukhosi mphunzitsi akalakwitsa, n'chifukwa chake pamipikisano amadzaza bwalo. Golden anayambira ku Guisachan, kumapiri a Scotland, kumene Lord Tweedmouth mu 1868 anakweretsa galu wachikasu dzina lake Nous ndi wamkazi dzina lake Belle. Mphuno yake ndi yakuthwa, koma mtima ndi wofewa. Mukamukalipira m'mawa, tsiku lonse amagwira ntchito mokayika, ndipo ubweya wake wautali umatola chisoso chilichonse cha m'tchire.

Amene ndimamupatsa ulemu wapadera ndi Chesapeake Bay. Mbiri yake imayambira pa tiagalu tiwiri, Sailor ndi Canton, timene tinapulumutsidwa m'sitima ya Angelezi imene inali kumira kufupi ndi Maryland mu 1807. Mukamusisita, dzanja limatsala ndi mafuta, ndipo mafutawo ndi amene amam'teteza akamasambira m'madzi oundana. Amakonda munthu mmodzi, amalondera katundu wa mbuye wake, komanso ali ndi kamwano. Mukam'bwerezetsa phunziro limodzi kasanu amakuyang'anani ngati akufunsa kuti mwaiwala kuti wachita kale. Otsalawo ndi Flat-Coated, wosangalala mpaka ukalamba koma wovutika ndi khansa, Curly-Coated, ndi kakang'ono ka ku Canada kotchedwa Nova Scotia Duck Tolling, kamene kamasewera m'mbali mwa nyanja kuti abakha achidwi asendere kufupi ndi mfuti.

Tsono nkhani ya zilembo ija. Mukaona FC kapena AFC kutsogolo kwa dzina la galu wa ku America, ndiye kuti anapambana pa field trial. Uwu ndi mpikisano weniweni: agalu ambirimbiri amafika, wopambana amakhala mmodzi. Woyamba wovomerezeka ndi American Kennel Club unachitika mu 1931 ku Chester, m'chigawo cha New York, ndipo mpikisano wa dziko lonse unayamba mu 1941. Chodabwitsa n'chakuti amene anawina chaka chimenecho sanali Labrador, anali Golden wotchedwa King Midas of Woodend. Popeza oweruza amayenera kusiyanitsa agalu amene onse ndi akatswiri, chaka ndi chaka mitunda inanka italikira, moti lero mbalame imatha kugwa mayadi 300 kapena 400 kuchokera pamene galu wakhala.

Gawo limene limandiimitsa mutu ndi limene amalitcha blind. Mbalame imabisidwa galu osaona. Woyendetsa galu, atavala jekete yoyera kuti azioneka patali, amaloza ndi dzanja pamwamba pa mutu wa galu n'kumutuma. Galu amawongoka ngati chingwe, kudutsa dambo, kulowa m'dziwe. Chibadwa chimamuuza kuti alambalale madzi adzere pamtunda, mphepo nayo ikumukankhira kumanzere. Akangopatuka pang'ono, wezulo imalira kamodzi. Pomwepo galu amatembenuka n'kukhala pansi, kapena ngati ali m'madzi amayandama maso ali kwa mbuye wake. Mkono wamanja ukakwera, amatembenukira kumanja n'kupitiriza. Apa mphuno yake ilibe ntchito mpaka pamapeto penipeni. Chimene akuyesa ndi chakuti galuyo akhulupirire munthu kuposa maso ake.

Ku Britain field trial ndi chinthu china. Imachitika pa tsiku la kusaka kwenikweni, m'nyengo yololedwa, imene pa mbalame ya pheasant imayamba pa 1 Okutobala n'kutha pa 1 Febuluwale. Palibe amene amadziwa kumene mbalame idzagwere, ndipo ina imagwa yongovulala n'kuthawira m'zitsamba, galu n'kuyenera kuilondola ndi fungo. Malamulo ake ndi ouma. Galu akanyamuka asanatumidwe, watuluka. Akalira pang'ono chabe chifukwa cha chidwi, watuluka. Woweruza amapapasa nthiti za mbalame, ndipo zikapezeka zophwanyika, galuyo wapita. Galu wina akalephera kupeza mbalame, mnzake n'kutumidwa pomwepo n'kuipeza, woyambayo nthawi zambiri ulendo wake umathera pamenepo. Wopambana mokwanira amalandira zilembo za FTCh, ndipo chimake cha zonse ndi mpikisano wa International Gundog League. Zotsatira zake n'zoti magazi a ku Britain amatulutsa agalu odekha ndi achete, pamene a ku America amatulutsa agalu amoto, othamanga mtunda. Kaphunzitsidwe nako n'kosiyana: aphunzitsi ambiri ku America amagwiritsa ntchito kolala yamagetsi, lamba wa m'khosi amene amanjenjemeretsa galu akalakwitsa, imene ku Wales inaletsedwa mu 2010.

Hunt test, mtundu wina wa mayeso a agaluwa, inabadwa chifukwa chodandaula. Alenje wamba ku America ankati mipikisano yasanduka ya anthu a ndalama olemba ganyu aphunzitsi, komanso palibe amene amawombera bakha pa mayadi 400. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunabadwa mabungwe a North American Hunting Retriever Association ndi Hunting Retriever Club, ndipo American Kennel Club inayambitsa mayeso ake mu 1985. Apa galu sapikisana ndi mnzake. Zili ngati mayeso a kusukulu, onse akhoza kukhoza tsiku limodzi, onse akhozanso kulephera. Oweruza amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 10 pa zinthu zinayi: kukumbukira pamene mbalame yagwera, changu chake pogwira ntchito, kupirira, ndi kumvera. Kuti akhoze, pakatikati pa malikisi onse pafike 7. Sitepe yoyamba ndi Junior Hunter, pamene mbalame imagwa imodziimodzi, pamtunda ndi m'madzi, osapitirira kwenikweni mayadi 100, ndipo galu amafunika kukhoza kanayi. Pa Senior mbalame zimagwa ziwiri, blind imalowa, komanso galu amayenera kukhala chete akuonerera mnzake akutola. Pa Master zimagwa zitatu. Zilembo zake, JH, SH ndi MH, zimalembedwa kumapeto kwa dzina.

Kunena zoona, JH payokha sindiiwerengera kwambiri posankha makolo, chifukwa galu wachibadwa chabwino amaipeza ngakhale ataphunzira mwapatalipatali. MH ndiye imandiuza kuti galuyo ndi wophunzitsika. Koma munthu wosaka Loweruka lokha, amene galu wake masiku enawo amagona pakhonde ndi ana, ndimamuchenjeza za kagalu ka makolo onse a FC. Ndi galimoto ya mpikisano imeneyo. Kakasowa ntchito kamatafuna mipando. Mbali inayi kuli Labrador ndi Golden owetedwera zionetsero za kukongola, olemera thupi, amene ena mwa iwo mbalame saiyang'ana n'komwe. Kusiyana kwa magazi awiriwa mu mtundu umodzi kumaposa kusiyana kwa Labrador wantchito ndi Golden wantchito.

Pambali pa zilembo za maudindo, pemphani zikalata za kuchipatala. Makolo onse awiri akhale atajambulidwa chiuno ndi zigongono, maso atapimidwa. Kwa Labrador palinso matenda otchedwa EIC, amene galu wathanzi amathamanga mwamphamvu kwa mphindi zingapo kenako miyendo yakumbuyo n'kulefuka, iye n'kumadzikwakwaza pansi akufunabe kukatola. Akatswiri a ku University of Minnesota anapeza jini yake, kanthu ka m'thupi kamene galu amatengera kwa makolo, mu 2008, ndipo masiku ano kuyeza kwake n'kongopukuta m'kamwa mwa galu ndi kathonje n'kutumiza ku labotale. Galu wotenga jiniyo kwa kholo limodzi sadwala, choncho chofunika n'chakuti mmodzi mwa makolo awiriwo akhale wopanda.