Masiku asanu ndi limodzi a Malichi 2011: bwanji ndege zinapita ku Libya osati ku Bahrain?

Ndikamaphunzitsa za ubale wa mayiko, tikangofika pa nkhani ya Libya m'kalasi mumabuka mkangano womwewomwewo chaka ndi chaka. Wina amakweza dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tisazungulire, azungu ankafuna mafuta a Gaddafi." Mnzake amamutsutsa kuti ayi, anapita kukapulumutsa anthu a ku Benghazi. Ine ndimawapempha onse awiri kuti atsegule kalendala ya 2011 pa mwezi wa Malichi, tiwerenge limodzi masiku asanu ndi limodzi okha.

Pa 14 Malichi, asilikali pafupifupi 1,000 a Saudi Arabia ndi apolisi pafupifupi 500 a United Arab Emirates anawoloka mlatho wa panyanja n'kulowa m'dziko la Bahrain. Sanapite kukateteza anthu ochita zionetsero, anapita kukachirikiza mpando wa mfumu. Pa 17 Malichi, nthambi ya chitetezo ya United Nations, ya Security Council, inavomereza chigamulo nambala 1973 chololeza kugwiritsa ntchito mphamvu poteteza anthu wamba ku Libya. Pa 18 Malichi, mumzinda wa Sanaa ku Yemen, anthu amfuti omwe anali pamadenga anawombera gulu la ochita zionetsero n'kupha anthu oposa 40. Tsiku lomwelo boma la Bahrain linagwetsa chipilala cha pa Pearl Roundabout, pomwe anthu ankasonkhana. Pa 19 Malichi, ndege za France zinayamba kuphulitsa akasinja a Gaddafi kufupi ndi Benghazi.

M'mayiko atatu onsewa anthu ankadzudzula owalamulira mwankhanza, ndipo kutatu konseko magazi anakhetsedwa. Kwina alendo anathandiza oukira, kwina anathandiza boma, kwina anangolankhula pawailesi.

Motowu sunayatsidwe ndi mlendo, ndipo izi ndimazinena motsindika chifukwa alipo omwe amakhulupirira kuti zonse zinakonzedwa ku Washington. Pa 17 Disembala 2010, Mohamed Bouazizi, mnyamata wogulitsa zipatso pangolo m'tauni ya Sidi Bouzid ku Tunisia, anadziwotcha atamulanda katundu wake. Pasanathe mwezi, pa 14 Januwale 2011, Zine El Abidine Ben Ali anathawira ku Saudi Arabia atalamulira zaka 23. Hosni Mubarak wa ku Egypt, yemwe anakhala pampando kuyambira 1981, anagonja pa 11 Febuluwale. Madandaulo a anthu anali odziwika: achinyamata ophunzira koma opanda ntchito, kukwera mtengo kwa chakudya, apolisi omenya anthu, ndiponso mabanja a atsogoleri omwe ankadya okha. Kuno kwathu mphepo yake tinaimva. Mu Febuluwale momwemo mphunzitsi wa ku Chancellor College, a Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa chotchula Tunisia ndi Egypt m'kalasi pokamba za kusowa kwa mafuta agalimoto.

Ben Ali ndi Mubarak anali abwenzi a mayiko a azungu. Egypt imalandira thandizo la zankhondo la ndalama pafupifupi 1.3 biliyoni za America chaka chilichonse, maka chifukwa cha pangano la mtendere lomwe inasayina ndi Israel mu 1979. Patangotsala masiku ochepa kuti Ben Ali athawe, nduna ya France yoona za kunja, Michèle Alliot-Marie, inanena m'nyumba ya malamulo kuti dziko lake likhoza kugawirako apolisi a ku Tunisia luso lothana ndi zionetsero. Mawuwa anachititsa manyazi boma la Nicolas Sarkozy, ndipo mayiyo anatula pansi udindo kumapeto kwa Febuluwale. Manyazi amenewa tiwasunge, tikumana nawonso.

Tsopano za mafuta. N'zoona kuti pansi pa nthaka ya Libya pali mafuta ochuluka kuposa dziko lina lililonse mu Africa, ndipo nkhondo isanayambe ankapopa migolo pafupifupi 1.6 miliyoni pa tsiku, yambiri n'kumapita ku Ulaya. Koma wonena kuti nkhondo inali yolanda mafuta ayenera kutiuza: ankalanda bwanji chinthu chomwe ankagula kale? Mu Disembala 2003 Gaddafi analengeza kuti wasiya ntchito yopanga zida zoopsa. Anavomera kulipira mabanja a anthu 270 omwe anafa ndege itaphulitsidwa ku Lockerbie, ku Scotland, mu 1988. Tony Blair, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, anakamuchezera mutenti yake mu 2004. Mu Disembala 2007 Sarkozy anamulandira ku Paris, tenti ija n'kuikhoma pafupi ndi nyumba ya boma. Mu 2008 Silvio Berlusconi, nduna yaikulu ya Italy panthawiyo, anasayina naye pangano la ubwenzi, ndipo kampani ya ku Italy ya Eni inkagwira ntchito yake mosatekeseka. Kwa amalonda, Gaddafi wa 2010 anali kasitomala wovuta koma wolipira. Mmene ndimaonera ine, mafuta ndi omwe anachititsa kuti Ulaya asathe kuyang'ana kumbali Libya itayamba kuyaka. Sanali chifukwa choyatsira.

Nanga chifundo? Nachonso sichinali chabodza chokhachokha. Gaddafi anatcha oukirawo makoswe, nalumbira kuti adzawasaka nyumba ndi nyumba, ndipo pakati pa Malichi asilikali ake anali pakhomo pa Benghazi. Ambiri mwa omwe ankalangiza atsogoleri ku Washington, London ndi Paris ankakumbukira Rwanda ya 1994 ndi Srebrenica ya ku Bosnia ya 1995, komwe anthu anaphedwa mwaunyinji dziko lonse likungoonerera. Mu 2005 mayiko a United Nations anali atagwirizana mfundo yoti boma likamapha anthu ake, ena ali ndi udindo wowateteza. Mantha a kuphedwa kwa anthu ambirimbiri analipodi. Komabe mu 2016 komiti ya nyumba ya malamulo ya Britain yoona za kunja itafufuza, inapeza kuti chiopsezocho chinakokomezedwa, ndiponso kuti ntchito yoteteza anthu inasanduka ntchito yochotsa boma.

Chomwe chinasiyanitsa Libya ndi mayiko enawo, mwa kuona kwanga, n'chakuti Gaddafi analibe womuikira kumbuyo. Akuluakulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mfumu ya Bahrain inakhala pamkhate weniweni: likulu la gulu la sitima zankhondo za America lotchedwa Fifth Fleet lili m'dziko lake. Komanso banja lachifumu ndi la Asilamu a Chisunni pomwe anthu ambiri ndi Asilamu a Chishia, ndiye Saudi Arabia inkaopa kuti mfumuyo ikagwa wopindula akhala Iran, dziko la Chishia. Ali Abdullah Saleh wa ku Yemen ankathandiza America kusaka zigawenga za al-Qaeda, choncho anamuchotsa mwaulemu, kudzera m'zokambirana, n'kumupatsa chitetezo choti asazengedwe mlandu. Gaddafi yekha ndiye anali pambalambanda. Anali atakangana poyera ndi Mfumu Abdullah ya Saudi Arabia pamsonkhano wa atsogoleri a Aluya, ndipo pa 12 Malichi bungwe la mayiko a Aluya la Arab League lenilenilo linapempha kuti ndege zake ziletsedwe kuuluka. Russia ndi China sanamukonde mokwanira kuti atsekereze chigamulo chija. Anangokhala osavota, pamodzi ndi Germany, India ndi Brazil. Mayiko khumi anavomereza, ndipo atatu mwa iwo anali a mu Africa: South Africa, Nigeria ndi Gabon.

Onjezanipo kuti nkhondoyi inkaoneka yotsika mtengo. Mizinda yambiri ya Libya ili m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, ndege zikhoza kunyamuka ku Italy n'kubwerera tsiku lomwelo, ndipo palibe msilikali wa NATO, mgwirizano wa zankhondo wa America ndi mayiko a ku Ulaya, yemwe ankayenera kuguba m'chipululu. Apa ndi pomwe manyazi a Tunisia aja akubwerera. Sarkozy, chisankho cha 2012 chili pafupi, anafuna kuoneka kuti nthawi ino ali kumbali ya anthu, ndipo France inali dziko loyamba kuvomereza khonsolo ya oukira ya ku Benghazi ngati boma, pa 10 Malichi.

African Union inayesa njira ina. Mu Epulo, nthumwi zomwe pakati pake panali Jacob Zuma zinapita ku Tripoli ndi ndondomeko yoti nkhondo iyime, anthu akambirane. Gaddafi anavomera, oukira anakana chifukwa sinanene kuti iye achoke. Kunena chilungamo, munthu yemwe ndege za NATO zikumumenyera nkhondo alibe chifukwa chothamangira kukambirana. Mabomba anapitirira miyezi isanu ndi iwiri. France inavomereza yokha kuti inaponyera oukira zida kuchokera m'ndege, Qatar inatumiza zida ndi alangizi, ndipo pa 20 Okutobala 2011 ndege zinaphulitsa mdipiti wa magalimoto omwe Gaddafi ankathawira kuchoka ku Sirte. Oukira anamugwira n'kumupha tsiku lomwelo.

Zotsatira zake zinadutsa malire. Zida za m'nkhokwe za Libya zinatsikira ku Mali pamodzi ndi ankhondo achi Tuareg, kumpoto kwa dzikolo kunagwa mu 2012, ndipo mu Januwale 2013 France inatumizanso asilikali kumeneko. Libya yeniyeniyo inagawikana pakati pa maboma awiri olimbirana. Barack Obama anadzanena mu 2016 kuti kusakonzekera zochita Gaddafi akadzagwa ndiko kunali kulakwitsa kwake kwakukulu pa utsogoleri wake.

Koma omwe analipira kwambiri mwina ndi anthu a ku Syria. Russia inaona kuti inapusitsidwa: inalola chigamulo choteteza anthu, n'kuona boma likugwetsedwa. Kuyambira Okutobala 2011 inayamba kutsekereza zigamulo zodzudzula Bashar al-Assad, mtsogoleri wa Syria panthawiyo, yemwe m'dziko lake munali doko la sitima zankhondo za Russia ku Tartus, ndipo mu Sepitembala 2015 inatumiza ndege zake kukamumenyera nkhondo. Assad anapha anthu ochuluka kutalitali kuposa omwe Gaddafi anapha mu 2011, koma anakhalabe pampando zaka zina 13. Anathawira ku Moscow pa 8 Disembala 2024, panthawi yomwe Russia inali itatanganidwa ndi nkhondo ya ku Ukraine, Iran ndi gulu lankhondo la ku Lebanon la Hezbollah, zomwe zinkamuthandiza, zitafooka. Mfumu Hamad ya ku Bahrain, yomwe asilikali a Saudi Arabia anaithamangira pa 14 Malichi paja, sinasunthe, ndipo pamalo pomwe panali chipilala cha Pearl anamangapo mphambano ya misewu.